Musanakumbe pakhomo ku Chintheche, dziwani zomwe zadutsa pansi

Chilimwe ndi nyengo yokumba m'dera la Chintheche, m'boma la Nkhata Bay. Mvula ikangokata, anthu amayamba kukumba maziko a nyumba ndi a mipanda, maenje a zimbudzi, nkhuti za zinyalala ndi dothi loumbira njerwa. Amalonda a m'mbali mwa msewu wa M5 nawo amazika mitengo ya mashedi ndi ya zikwangwani. Kukwera kwa madzi a m'nyanja ya Malawi mu 2024, komwe kunamiza magombe ndi kuononga nyumba zina za m'mphepete mwa nyanja, kunaonjezeranso chifukwa choti anthu amange chakumtunda. Ntchito zonsezi zikuchitika pa nthaka yomwe kale munali mizu ndi miyala yokha, koma lero mwadutsa mapaipi a madzi, nthambo za magetsi ndi zingwe za mafoni ndi intaneti.

Malo angathe kukhala a banja limodzi, koma paipi yodutsa pansi pa malowo imamwetsa mabanja ambiri. N'chifukwa chake kukumba pakhomo kwasanduka nkhani yokhudza umoyo ndi chuma cha dera lonse.

Zomwe zili pansi ndi eni ake

Madzi a m'mipope ku Chintheche amaperekedwa ndi bungwe la Northern Region Water Board, limodzi mwa mabungwe asanu a madzi omwe amagwira ntchito pansi pa lamulo la Waterworks Act la 1995. Mapaipi akuluakulu a bungweli amatsata misewu ndi njira, ndipo ang'onoang'ono amapatuka n'kulowa m'makomo. Malire a udindo ali pa mita ya madzi. Paipi yochokera kumsewu kufika pa mita ndi ya bungwe, pomwe yochokera pa mita kulowa m'nyumba ndi ya mwini khomo. Paipi ikaboola kutsogolo kwa mita, madzi onse otayika amawerengedwa pa bilu ya banjalo. Ikaboola isanafike pa mita, bungwe limataya madzi omwe lawapopa ndi kuwathira mankhwala popanda kupezapo ndalama. Mabungwe a madzi m'dziko muno amataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi awo, ena kuposera apo, kudzera m'mapaipi odontha, kulumikiza mwakuba ndi mamita olakwika. Mapeto ake, mtengo wa madzi otayikawo umabwerera kwa ogula onse.

Pa nkhani ya magetsi, Chintheche ndi malo ofunika kwambiri kwa ESCOM m'chigawo cha kumpoto. Pali siteshoni yogawira magetsi, ndipo nthambo ya mphamvu ya 132 kV yochoka pamenepa kupita ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu mpaka ku Bwengu inamangidwa ndi thandizo la dziko la America, kudzera mu mgwirizano wa Millennium Challenge wa 2013 mpaka 2018. Nthambo zikuluzikuluzi zimadutsa m'mwamba ndipo aliyense amaziona. Zomwe zimabisika ndi zing'onozing'ono. Pamene ndondomeko ya MAREP yakhala ikufikitsa magetsi m'misika ya kumidzi, makomo ambiri akokera magetsi pansi pa nthaka kuchoka m'nyumba yaikulu kupita kukhitchini, kugolosale, kumalo ometera tsitsi kapena ku pampu ya madzi. Nyumba yolumikizidwa bwino imakhalanso ndi chitsulo chokhomeredwa pansi pafupi ndi khoma, chomwe ntchito yake ndi kutaya mphamvu ya magetsi m'nthaka pakachitika vuto. Mawaya a ntchito yomweyi amakwiriridwanso mozungulira thiransifoma.

Zingwe za intaneti za mtundu wa fibre zina zimayenda pa mapolo a ESCOM, zina zimakwiriridwa m'mbali mwa misewu. Chingwe chotere chikaduka, netiweki imasokonezeka, ndipo wogulitsa usipa kapena mpunga yemwe amalandira ndalama pa foni amaima malonda.

Chomwe chikukulitsa vutoli m'mphepete mwa nyanja

Nthaka ya m'gombe la Chintheche ndi ya mchenga, ndipo boma la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno. Paipi yomwe inakwiriridwa mozama bwino zaka khumi zapitazo ingathe kupezeka lero pafupi ndi pamwamba, chifukwa madzi a mvula amakokolola mchenga dzinja lililonse. Mchenga sukaniza khasu, kotero wokumba amafika pa paipi msanga asanazindikire. Mlimi wa chinangwa, chomwe ndi chakudya chodalirika cha anthu a kuno, amakweza mizere ikuluikulu ndipo pokolola amakumba mozama. Mitengo ya mango ndi ya bulugamu yobzalidwa pamwamba pa mzere wa paipi nayo imaphwanya paipiyo ndi mizu pakapita zaka.

Chinanso ndi kusintha kwa eni malo. Malo ambiri kuno ndi a mafumu, ndipo akhala akugawidwa kapena kugulitsidwa pang'onopang'ono pamene msika ukukula. Njira yomwe paipi inkatsata ingathe kutsekedwa ndi mpanda wa mwini watsopano, amene salandira pepala lililonse losonyeza zomwe zinakwiriridwa. Yemwe anakumba ngalande yoyamba mwina anasamuka, ndipo chidziwitso chinapita naye.

Paipi yoboola ndi kolera

Kuopsa kwakukulu kwa paipi yoboola kumabwera madzi akasiya kutuluka. Pamene m'paipi muli mphamvu, madzi amatuluka pa bowo kupita kunja. Magetsi akazima ndipo mapampu akaima, mphamvuyo imatha, ndipo madzi akuda a m'nthaka amalowa m'paipi kudzera pa bowo lomwelo. Ngati pafupi pali chimbudzi chokumba, zonyansa zake zimayenda mosavuta mu mchenga wonyowa. Madzi akabweranso, zonyansazo zimakafika ku mipope ya makomo a kutsogolo, kwa anthu omwe sadziwa n'komwe kuti wina anakumba.

Anthu a ku Nkhata Bay akudziwa bwino zotsatira za madzi oipa. Mliri wa kolera womwe unayamba mu March 2022 unali waukulu kuposa yonse m'mbiri ya dziko lino. Unapha anthu oposa 1,700, ndipo Nkhata Bay inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri chakumapeto kwa chilimwe cha chaka chimenecho. Zoyambitsa mliriwo zinali zambiri, koma phunziro lake likukhudza aliyense wogwira khasu. Chizolowezi chomanga paipi yoboola ndi mphira wa chubu cha njinga n'kukwirira mwakachetechete chimabisa vuto kwa bungwe la madzi, pomwe mpata wa tizilombo ukadali wotsegula.

Ngozi ya magetsi imakhala ya pomwepo. Magetsi a m'nyumba, a mphamvu ya 230 V, ndi okwanira kupha munthu woima osavala nsapato pa dothi lonyowa, makamaka ngati wagwira chitsulo chokumbira. Kudula waya wotaya mphamvu m'nthaka sikuzimitsa magetsi, motero palibe amene amazindikira, koma nyumbayo imatsala yopanda chitetezo kufikira tsiku lomwe firiji kapena ayironi idzagwire munthu.

Zoyenera kuchita musanayambe ntchito

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Choyamba ndi kufunsa anzanu oyandikana nawo, mwini malo wakale, nyakwawa, komanso pulambala kapena katswiri wa magetsi yemwe anagwira ntchito pakhomopo. Ngati ntchito ndi yaikulu, monga maziko, chimbudzi kapena thanki ya zonyansa, pitani ku ofesi ya bungwe la madzi ndi ya ESCOM masiku angapo ntchito isanayambe kuti akuonetseni modutsa mizere yawo. M'midzi momwe mipope imayendetsedwa ndi makomiti, funsani komitiyo.

Chachiwiri ndi kuyang'ana bwino pamalopo. Onani pomwe pali mita, mpope wa panja, bafa, polo ya magetsi ndi nyumba zing'onozing'ono zomwe zili ndi magetsi. Kawirikawiri paipi kapena nthambo imayenda molunjika pakati pa zinthu ziwiri zotere. Timiyala ta simenti tolembedwa, zivundikiro za chitsulo ndi malo omwe udzu umakhala wobiriwira m'chilimwe ndi zizindikiro zoti pansi pali kanthu.

Chachitatu, yambani ndi kadzenje koyesera pogwiritsa ntchito fosholo, ndipo piki ndi chitsulo zidikire kaye. Mukaona lamba wa pulasitiki wa mtundu wowala, njerwa zondandalikidwa kapena mchenga wosiyana ndi dothi lozungulira, imani. Zimitsani magetsi a m'nyumba pokumba pafupi ndi khoma. Aganyu auzidwe zonsezi asanagwire khasu, popeza ndiwo amakhala oyamba kuvulala.

Chimbudzi chikumbidwe kutali ndi mzere wa paipi, komanso pa mtunda wosachepera mamita 30 kuchoka pa chitsime kapena mjigo. M'mbali mwa msewu waukulu ngati M5, mamita 30 mbali iliyonse kuchoka pakati pa msewu ndi malo osungidwira msewu, omwe amayang'aniridwa ndi Roads Authority. M'malo amenewa ndimo mapaipi ndi zingwe zambiri zimadutsa, ndipo womangamo amaika chuma chake pachiswe.

Ngozi ikachitika, tsekani madzi pa mita ngati paipi ndi ya pakhomo. Ngati ndi ya bungwe, dziwitsani ofesi tsiku lomwelo ndipo musakwirire. Nthambo ya magetsi ikakhudzidwa, siyani chida pomwepo, chotsani anthu ndi ziweto, ndipo itanani a ESCOM. Malamulo a madzi ndi a magetsi amapereka chilango kwa oononga kapena kusokoneza zipangizozi mwadala, choncho kubisa ngozi kungachititse kuti munthu aganiziridwe mlandu womwe sanaulinge.

Udindo wa mabungwe ndi mafumu

Wokumba sangapewe chinthu chomwe palibe angamuonetse. Ku America kuli nambala imodzi ya foni, 811, yomwe munthu amaimba asanakumbe, ndipo makampani amabwera kudzaika zizindikiro pamalopo mwini malo osalipira. Ku Chintheche zoyambira zake zilipo kale: mabungwe asunge mapu olondola a mizere yawo, abwezeretse timiyala tomwe tinazulidwa, ndipo ayankhe msanga munthu akafunsa. Khonsolo ya Nkhata Bay iziona nkhaniyi povomereza mapulani a nyumba, ndipo mafumu azitchula modutsa mapaipi pogawa malo, monga momwe amatchulira malire.

Mwini khomo aliyense wokwirira paipi kapena nthambo chaka chino ajambule ngalandeyo pa foni asanakwirire, alembe kutalika kwake kuchoka pa khoma, ndipo asunge pepalalo pamodzi ndi zikalata za malo. Mvula isanayambe mu November, ndi bwinonso kuyendera pakhomo ndi kukwirira paipi iliyonse yomwe yayamba kuonekera.