ZA M'MAIKO ENA: Ulendo wokathyola maapulo ku America

Sabata ino tipite kutsidya la nyanja, ku cigawo ca New York m'dziko la America, tikaone mmene alimi a zipatso kumeneko amaitanira ogula kuti abwere okha kumunda, m'malo moti mlimi azivutika kuthamangira msika.

Cigawo ca New York ndi cimodzi mwa zigawo zotsogola pa ulimi wa maapulo m'dziko lonselo. Coyamba ndi ca Washington. Minda yambiri ili m'cigwa ca mtsinje wa Hudson, kumpoto kwa mzinda waukulu wa New York. Zipatso zimapsa m'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene kuno kuli dzuwa la phwee. Pa Ciweru ndi pa Sondo mabanja a m'tauni amalawira, kukwera motoka ndi ana ao, nayenda ulendo wa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri kukafika kumunda.

Akafika pacipata amagula thumba lopanda kanthu, ndipo mtengo wa thumbalo ndiwo mtengo wa zipatso zimene zidzalowemo. Muyeso wakale wa kumeneko ndi "bushel," imene pa maapulo ndi makilogalamu pafupifupi 19, ndipo banja limodzi kawirikawiri limatenga thumba la theka la muyeso umenewu. Mwini munda amawalozera mizere imene yapsa. Pali mtundu wochedwa McIntosh, umene unapezeka ku Canada mu 1811, ndi wina wochedwa Empire, umene akatswiri a zaulimi a ku Geneva m'cigawo comweco anautulutsa mu 1966.

Kuthyola kuli ndi lamulo lake. Apulo sakokedwa mwamphamvu. Munthu amaligwira m'dzanja, kulipotoza cokweza m'mwamba, ndipo ngati lapsa limacoka lokha. Wokoka mwamphamvu amathyola kamphukira kamene kakanabala caka camawa. Mtengo saugwedeza, pakuti cipatso cogwa pansi cimafumuka ndi kuola msanga.

Umodzi mwa minda yochuka ndi Fishkill Farms, umene unayambidwa mu 1913 ndi Bambo Henry Morgenthau Jr., amene pambuyo pake anakhala nduna ya zacuma ya America kuyambira 1934 kufikira 1945. Mbumba yao ikali kusamala mundawo. Wina ndi Masker Orchards ku Warwick, kumene alendo amaloledwa kulowa ndi motoka zao kufika pafupi ndi mitengo, kuyala nsalu pamthunzi ndi kudya kamba amene abwera naye.

Nkhani ya cakudya ndiyo ifunika kuimvetsa bwino, cifukwa mwana wanjala sakondwa ndi ulendo. Paminda yambiri pali kasitolo kogulitsa zitumbuwa zokandidwa ndi madzi a maapulo, mikate yoika zipatso m'kati, ndi madzi a maapulo ofinyidwa kumene. Madzi amenewa ali ngati thobwa: ngati sanasase amamwa ndi ana omwe, koma osasa ndi mowa, ndipo amagulitsidwa kwa acikulire okha. Ofuna cakudya cokhuta amalowa m'timatauni tapafupi. Ku Warwick kuli nyumba zodyera m'mbali mwa mseu waukulu, ndipo pamwamba pa phiri la Mount Peter pali Bellvale Farms Creamery, kumene banja loweta ng'ombe za mkaka limagulitsa aisikilimu. Ku Hyde Park, pasukulu yophunzitsa kuphika ya Culinary Institute of America, kuli malo odyera ochedwa Apple Pie Bakery Café, kumene ophika ndi operekera cakudya ndi ophunzira a pasukulupo. Anthu a ku Warwick anayambanso mu 1989 cikondwerero ca maapulo cochedwa Applefest, cimene cimacitika mu Okutobala.

Kodi mlimi amapindulanji polowetsa khamu la alendo m'munda mwake? Maapulo amathyoledwa ndi manja, ndipo eni minda ikuluikulu amalemba anchito ocokera kutali monga ku Jamaica ndi ku Mexico, amene ayenera kulipidwa ndi kupatsidwa pogona. Wogula akathyola yekha, mlimi salipira wokolola, salipira motoka ya kumsika, ndipo palibe wamalonda wapakati womudula mtengo. Ndalama ya mlendo simathera pa zipatso zokha ai. Wophika zitumbuwa, wogulitsa uci ndi mwini nyumba yodyera onse amalandirako.

Zovuta zake ziliponso. Alendo amagwetsa zipatso zambiri, ena amadya osalipira, ndipo ana amathyola nthambi. Mvula ikagwa pa Ciweru ndi pa Sondo, munda umakhala zii, pamene zipatso sizidikira munthu. N'cifukwa cake alimi ena amalipiritsa polowa ndi kuika anthu oyang'anira m'mizere.

Kuno kwathu maapulo ambiri a m'masitolo amacokera ku South Africa, pakuti mitundu yambiri ya mtengo umenewu imafuna maola mazanamazana a cisanu isanaphuke maluwa. Koma nzeru imene tafotokozayi ndi ya kagulitsidwe, ndipo sisankha cipatso. Kuyambira Novembala kufikira Januwale mango amaolera pansi pa mitengo m'midzi ya ku Petauke, Sinda ndi Katete, pamene anthu a ku Lusaka akugula mango omwewo oikidwa pa milu ing'onoing'ono. Mseu wa Great East umapita pakati pa midzi imeneyi, ndipo motoka zimadutsa usana ndi usiku.

Mudzi wokhala pafupi ndi mseu ungathe kuyesa. Cofunika ndi kupangana ndi a mfumu, kusesa pansi pa mitengo, kuika cikwangwani pamseu, kukhala ndi muyeso umodzi monga ndowa ndi mtengo umodzi kwa onse, kukonza cimbudzi caukhondo ndi madzi osamba m'manja. Amai a m'kalabu angaphike nsima ya nkhuku ya kumudzi ndi ndiwo zosinjirira, kuti mlendo adye ndi ana ake asanapitirize ulendo. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo amene wadya bwino ndi kuyesedwa ndowa yodzala adzabweranso caka camawa, ndipo adzabwera ndi anzake.