Probox kapena Succeed? Yambani mwakhala pa mpando wakumbuyo

Galimoto zambiri zochokera ku Japan zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe, ndiye ife a ku Karonga timaziona zikudutsa zisanalandire n'komwe nambala ya kuno. Mwina n'chifukwa chake banja likagulitsa mpunga bwino kapena likalandira ndalama za penshoni, nkhani ya galimoto sichedwa kubwera. Funso limene abale akhala akutifunsa kawirikawiri ndi ili: pakati pa Toyota Probox ndi Toyota Succeed, yabwino ndi iti?

Ziwirizi ndi ana a mimba imodzi. Zonse zinatuluka mu 2002. Succeed yakale ndi yotalikirapo pang'ono, ndipo inalembedwa kuti inyamule makilogalamu 450 pomwe Probox inalembedwa 400. Probox imapezeka ya injini ya 1.3 ndi ya 1.5, pamene Succeed ya petulo ndi ya 1.5 yokha. Mu 2014 kampani inazipatsa thupi limodzi, kusiyana kukhala dzina lakumbuyo basi, ndipo mu 2020 dzina la Succeed linasiyidwa. Zipangizo zake zambiri zimalowana, makaniko wa pa Boma kapena pa Uliwa sadabwa nazo. Choncho wogulitsa akakukwezerani mtengo chifukwa cha dzina lokha, musamumvere.

Kusiyana kumene kumakhudza banja lanu kuli kwina. Probox ndi Succeed zonse zinapangidwa m'mitundu iwiri: yonyamula katundu, yomwe amati van, ndi yonyamula anthu, yomwe amati wagon. Kunja zimaoneka zofanana, koma mungazisiyanitse ndi chilembo chomaliza pa nambala ya mtundu wa galimoto, yomwe ili pa kachitsulo kolembedwa ndi kampani komanso pa mapepala ake. NCP50V, NCP51V ndi NCP55V ndi za katundu. NCP58G ndi NCP59G ndi za anthu. Za G zinaleka kupangidwa mu 2013, ndiye iliyonse ya thupi latsopano ndi ya katundu.

Tsegulani chitseko chakumbuyo cha van yamtengo wotsika, muone. Mpando wake ndi wopyapyala ngati benchi, msana wake ndi waufupi, ndipo nthawi zambiri ulibe chotsamira mutu. Anaupanga kuti uzipindidwa, katundu alowe. Ife a zaumoyo apa ndi pomwe timaima. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, thupi limakankhidwira kutsogolo mutu n'kutsalira, ndipo popanda chotsamira, khosi ndi limene limalandira mphamvu yonseyo. Komanso masipuling'i a van ndi olimba chifukwa amayembekezera katundu. Ikakhala yopanda kanthu imadumpha m'maenje. Ganizirani mayi woyembekezera amene mwamutenga usiku ku Kaporo kapena ku Nyungwe kupita naye kuchipatala cha boma ku Karonga, kapena agogo odwala msana. Wokhala pa mpando umenewo ndi iwowo, osati inu oyendetsa. Ndipo m'mudzi mwathu muno, mukagula galimoto mwagula ambulansi ya mpingo wonse, mufune musafune.

Ndiye ngati ntchito yaikulu ndi kutenga banja kupita kutchalitchi pa Sabata, kumsonkhano wamisasa ndi kuchipatala, ife tikuti funani ya G, kaya ndi Probox kaya Succeed. Vuto lake ndi lakuti ndi yakale, ndipo msonkho wa MRA umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Funsani mtengo wonse wa msonkho musanatumize ndalama. Galimoto zina zimakhalitsa pa Songwe chifukwa mwini wake anangowerengera mtengo wogulira. Ngati mwasankhabe van, funani yokhala ndi zotsamira mutu kumbuyo, ndipo kokani lamba aliyense mwamphamvu muone ngati akugwira.

Ngati ntchito yaikulu ndi mpunga wa ku Hara, Wovwe kapena Lufilya, van ndi yoyenera. Koma tiwerenge bwino. Makilogalamu 400 ndi matumba 8 a makilogalamu 50, ndipo muyeso umenewo ndi wa pamene m'galimoto muli anthu awiri okha. Mukakweza anthu kumbuyo, matumba ayenera kuchepa. Timaona galimoto izi zitanyamula matumba mpaka kudenga, ana atakhala pamwamba pake. Mabuleki sanapangidwire katundu wotere, ndipo zitunda za msewu wa ku Chitipa sizikhululuka. Injini ya 1.3 imamwa mafuta pang'ono pa msewu wa m'mbali mwa nyanja, koma pokwera mapiri itanyamula imalira kwambiri. Wa maulendo a ku Chitipa kapena ku Mzuzu atenge ya 1.5.

Zotsalazi makaniko wanu azione musanalipire. Galimoto izi ku Japan zimagwira ntchito m'makampani, zimayenda kwambiri, ndipo makilomita olembedwa pa wotchi amatha kubwezedwa. Yang'anani kutha kwa chiwongolero ndi zopondera. Zokoka matayala onse anayi zimathandiza m'matope a dzinja, koma zambiri zimachokera kumadera ozizira kumene amathira mchere pa misewu, choncho suzumirani pansi muone dzimbiri. Za kuyambira 2014 zili ndi giya ya CVT yomwe imafuna oyilo wakewake. Ndipo ndi kutentha kwa kwathu kuno mu Okutobala, radiyeta yodontha sidzakufikitsani pa Chilumba.

Ena mudzaipereka kwa dalaivala kuti izinyamula anthu pakati pa Boma ndi Songwe. Gwirizanani pamaso pa mboni za chiwerengero cha anthu okwera, komanso kuti Lachisanu dzuwa lisanalowe makiyi akhale atabwera kunyumba.