Lembani lamulo pakhomo, osamayang'ana zovala za munthu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za malo omwera khofi amene achuluka kuno ku Lilongwe. Sindikukana kuti awa ndi malo a malonda. Eni ake amalipira lendi, amagula mafuta a jenereta magetsi akazima, amalipira intaneti ndi antchito. Munthu wokhala pampando tsiku lonse osagula ngakhale botolo la madzi ndiye kuti akuwadyera masuku pamutu. Chondipweteka n'chakuti lamulo lakuti wokhala pansi agule kanthu sililembedwa paliponse. Limangokhala m'maso mwa wogulitsa, ndipo masowo amasankha anthu.

Mwezi wathawu mayi anga aang'ono anabwera kuchokera ku Dedza kudzaonana ndi dokotala. Ndinawauza kuti andidikire pamalo ena otere pafupi ndi kuntchito kwanga, poti pali mthunzi komanso chimbudzi chosamalika. Atangokhala pansi, chitenje m'chiuno, jumbo ya mbatata ya kachewere pambali, mtsikana wogulitsa anafika. "Amayi, mukufuna chiyani?" Atayankha kuti akudikira mwana wawo, anawauza kuti akadikire panja. Ndinawapeza ataima padzuwa pafupi ndi mlonda, akuchita kupepesa ngati alakwa ndi iwo. M'katimo, patebulo la pakona, munali anyamata awiri ndi malaputopu awo, kapu imodzi ya khofi itazizira kalekale, mafoni ali pachaja. Palibe anawafunsa kanthu. Mtsikanayo sindikumuda, iye amangochita zomwe abwana ake anamuuza ndi pakamwa koma sanafune kuzilemba. Nkhomaliro ya anthu awiri yomwe ndinati ndigule pamenepo tinakadya kwina.

Eni malo otere aone zomwe zinachitika ku Philadelphia, m'dziko la America, mu Epulo 2018. Amuna awiri akuda anakhala m'malo omwera khofi a kampani ya Starbucks osagula kanthu, akudikira munthu wokambirana naye za bizinesi. Anawaitanira apolisi, nawamanga. Kanema wa kumangidwa kwawo atafalikira, kampaniyo inatseka masitolo ake pafupifupi 8,000 masana a pa 29 Meyi kuti iphunzitse antchito za tsankho, ndipo inalengeza kuti aliyense akhoza kukhala pansi kapena kulowa m'chimbudzi ngakhale osagula. Mu Januwale 2025 inasinthanso maganizo, n'kunena kuti mipando ndi ya ogula basi. Ena anakwiya nazo. Ine chimene ndinaonapo n'chakuti lamulolo analilemba n'kuliika poonekera, loti wovala suti ndi wovala ovolosi awerenge mawu amodzimodzi.

Ife Amalawi nkhani yokhala ndi kucheza pamalo ogulitsa zakumwa sitinaiphunzire kunja. Mutiirumu ya pamsika munthu amakhala pabenchi kumvera wailesi, kukangana za Bullets ndi Wanderers, ndipo mwini tiirumu samuthamangitsa chifukwa amadziwa kuti wosagula lero, mawa adzaitanitsa tiyi ndi sikono ziwiri. Chodabwitsa, khofi wina amene malo apamwambawa amanyadira pamapepala a mitengo ndi wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto, monga a kumapiri a Misuku ku Chitipa. Mlimi yemweyo atalowa ndi nsapato zake zafumbi n'kukhala pansi kudikira munthu, ndikukayika ngati angafike pomaliza kupukuta thukuta asanamuonetse khomo.

Pempho langa kwa eni malowa ndi laling'ono. Ngati mukufuna wokhala pansi agule, lembani chikwangwani pakhomo, m'Chichewa momwe, ndipo munenepo kuti kapu imodzi imalola munthu kukhala maola angati. Wodikira mnzake m'patseni mphindi zingapo musanam'funse. Ndipo pakhonde ikanipo benchi, ngakhale limodzi, loti okalamba azikhalapo.

Wodandaula,
Lilongwe