Unesi wa matenda a m'maganizo si wonyozeka ayi

Anzanga, ambirife tikafunsidwa zomwe tidzachite tikamaliza sukulu timati unesi. Koma wina angoyerekeza kunena kuti akufuna kudzakhala nesi wa odwala matenda a m'maganizo, kalasi yonse gwa! ndi phwete, ati nayenso adzapenga. Ine ndikuti tikulakwitsa, ndipo amene akuganiza za kosi imeneyi asachite manyazi.

Choyamba, odwalawo tili nawo konkuno. Pitani pamsika pa Nsaru, pa Mpingu kaya pa Namitete, simulephera kuona munthu akutola m'dzala, ana akumugenda. Ena amangidwa zingwe m'nyumba, achibale ati anawalodza kapena anaphonya zizimba. Komatu matenda a m'maganizo si misala yokhayo yovula zovala. Alipo anyamata amene chamba ndi kachasu zinawazunguza mutu. Alipo amayi amene amasokonezeka akangobereka. Alipo abambo amene fodya akavuta ku okushoni, ngongole ili pakhosi, amangodzimangirira osauzako munthu. Ambiri mwa anthu amenewa akanathandizika akanakumana msanga ndi munthu wodziwa ntchito yake.

Chachiwiri, thandizo lili kutali. Chipatala chachikulu cha boma cha matendawa chili ku Zomba. Tangoganizani munthu wa ku Kabudula kapena ku Nambuma kuti akaone m'bale wake kumeneko, thiransipoti yake aipeza kuti? Pakufunika manesi ambiri odziwa matendawa m'zipatala zapafupi, oti aziyankhula ndi odwala m'chiyankhulo chathu, odziwanso mmene timakhalira kumudzi. Nanga amenewo achokera kuti ngati ifeyo tikukana?

Maphunziro ake alipo m'Malawi momuno. Ku Mzuzu kuli sukulu ya Saint John of God komwe amaphunzitsa za matenda a m'maganizo mpaka digiri. Palinso Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza Kamuzu College of Nursing ndi College of Medicine. Ukamaliza umalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati nesi wina aliyense.

Ena amati odwalawo amamenya. N'zoona, ena matenda akakula amachita ndewu, koma n'chifukwa chake pali sukulu: umaphunzira kumukhazika mtima pansi munthu ndi kumupatsa mankhwala oyenera. Zoti udzapenga nazo n'zabodza, misala si chifuwa choti mungapatsirane. Enanso amati ife a pa CDSS sitingafikeko poti zipangizo za sayansi n'zochepa. Kuvuta kokha n'kovutadi, koma mayeso a MANEB ndi amodzi, pepala lomwe amalemba a ku boding'i ndi lomwenso timalemba ife.

Tsono a Fomu 2 anzanga, nkhani yagona apa. Tikalemba JCE tidzasankha maphunziro a ku Fomu 3. Ukathawa Biology, Chemistry ndi Physics ati n'zovuta, wadzitsekera wekha khomo. Kuyunivesite amafuna makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili momwemo, ndipo Masamu osawataya. M'mera mpoyamba.

Aphunzitsi athu, chonde pa 10 Okutobala, tsiku loganizira za umoyo wa m'maganizo padziko lonse, mutiitanireko nesi wa ntchitoyi adzatiyankhule. Tidzamufunse tokha mafunso onsewa.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 2