Kudandaula Kwathu Ife Amene Anatiswera Mzikiti ndi Tchalitchi

Olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo,

Amene tikulembafe ndife akuluakulu a mpingo ndi a mzikiti ochokera m'mudzi umodzi wa chigawo chakummawa. Timatunga madzi pa mjigo umodzi, kumaliro timakhala pa mkeka umodzi. Koma mkangano wa hijabu utabuka pasukulu, usiku umodzi wokha nyumba zathu zonse ziwiri zopemphereramo zinawonongedwa. Ku mzikiti anagenda mawindo, nalowa ndi nsapato zamatope pamalo oswalira. Ku tchalitchi anathyola chitseko, nang'amba mabuku a nyimbo. Owonongawo timawadziwa ndi mayina omwe, ndipo akungoyendayenda pamsika.

Titakadandaula, tinauzidwa kuti: "Bambo, kakambiraneni kumudzi, nkhani za chipembedzo n'zovuta." Kukambirana sitikana. Timayamika bungwe la PAC lomwe linakhazika pansi atsogoleri a zipembedzo pambuyo pa chipwirikiti cha nkhani ya hijabu ku M'manga m'boma la Balaka mu November 2019, mpaka mgwirizano wa hijabu unasainidwa mu 2021. Koma kugwirana chanza kwa abusa ndi mashehe sikunabweze ngakhale galasi limodzi. Tinasonkha tokha, amayi kugulitsa nandolo wawo. Chotipweteka kwambiri si ndalama ayi. Ana athu anatha miyezi akuopa kupita ku madrasa, agogo ena anasiya mapemphero a m'mamawa, ndipo anansi amene ankabwerekana mchere anayamba kulambalalana panjira.

Lamulo lilipo. Gawo 33 la Malamulo Oyendetsera Dziko limapereka ufulu wopembedza, ndipo gawo 127 la Penal Code limaletsa kuwononga kapena kudetsa malo opembedzera pofuna kunyoza chipembedzo. Vuto n'lakuti mlanduwu unaikidwa m'gulu la milandu ing'onoing'ono, choncho amene wasokoneza mtendere wa mudzi wonse amaonedwa ngati wangoswa zenera. Kodi matchalitchi amene anawonongedwa ku Mangochi mu 2003 sanatiphunzitse kanthu?

Tikupempha kuti chilango chikule pamene zatsimikizika kuti munthu anawononga chifukwa chodana ndi chipembedzo cha mnzake, ndipo khoti lizimulamula kukonza zimene anawononga. Chitetezochi chifikenso ku dambwe ndi ku kachisi wa makolo, pakuti nawonso ndi malo opatulika kwa eni ake. Kukhululuka tisiyireni ife eni, inu tithandizeni kuti milanduyi izifika kukhoti.