Cikondi ca zaka 900 si nkhongole

Ambili a ife tinagona mocedwa cifukwa ca Goblin, sewelo la ku South Korea la mu 2016. Kim Shin anayembekezela mkazi wake mpaka zaka 939, ndipo tonse tinalakalaka kukondedwa conco.

Koma woyenela kumuyang'anitsitsa ni Sunny, uja wogulitsa nkhuku yokazinga. M'nthawi ya ufumu wa Goryeo anali mfumukazi, ndipo mwamuna wake, mfumu Wang Yeo, ndiye analamula kuti aphedwe. Patapita zaka mahandiledi anakumananso n'kukondananso. Sunny atakumbukila zonse, ananyamuka n'kucoka, cikondi cikali mumtima.

Apa m'pamene ambili timaphonya. Pa wailesi atsikana amatitumila foni kuti, "Amanimenya, koma tinalengedwela limodzi." Nkhani za kubadwanso zikamvedwa molakwa zimadyetsa maganizo amenewa, ngati kuti cikondi cakale ni nkhongole yofunika kulipila na thupi.

Tipitilize kuzionelela, n'zokoma. Koma olemba anapatsa Sunny moyo wina woti akakonzelemo zinthu na Wang Yeo. Mlongo wathu wa ku Chawama ali na uno wokha.