Kaundula wa m'kalasi angathe kupulumutsa ana amene akutsalira pa maphunziro

Chaka chilichonse bungwe loyendetsa mayeso la MANEB likatulutsa zotsatira za Sitandade 8, anthu m'dziko muno amakambirana za chiwerengero cha ana amene akhoza komanso amene asankhidwa kupita ku sekondale. Koma zotsatirazi zimafika mochedwa kwa mwana amene analephera kuzindikira malembo ali mu Sitandade 2, chifukwa pofika nthawiyi amakhala atabwereza makalasi kangapo kapena atasiyiratu sukulu.

N'chifukwa chake ntchito younika momwe mwana aliyense akuchitira m'kalasi, sabata ndi sabata, ili yofunika kwambiri. Mphunzitsi amene akudziwa kuti mwana wakutiwakuti akusokoneza malembo, kapena sakutha kuchotsera manambala, angathe kumuthandiza vutolo lisanakule.

Mavuto a m'makalasi anakula m'chaka cha 1994 pomwe boma linakhazikitsa maphunziro aulere a pulayimale. Chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa ana pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambiri amene anali asanapite ku sukulu za uphunzitsi. Kuyambira nthawi imeneyo si zachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1, ngakhale cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60.

M'kalasi yotere ana ambiri amayankha pamodzi mokweza mawu, ndipo mphunzitsi amaganiza kuti phunziro lamveka. Mwana amene sanamve amangotsatira pakamwa pa anzake. Kafukufuku wa luso lowerenga wotchedwa EGRA, amene anachitika m'chaka cha 2010, anayesa ana mmodzimmodzi ndipo anapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'nkhani yaifupi ya Chichewa. Ana amenewa amapezeka ku sukulu tsiku ndi tsiku, maina awo ali m'kaundula, koma panalibe cholembedwa chosonyeza pamene anatsalira.

Dziko lino linayesapo kale njira yothetsera vutoli. M'chaka cha 2002 bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, mothandizidwa ndi bungwe la USAID, linayesa ndondomeko younika ophunzira pafupipafupi m'sukulu 21 za m'boma la Ntcheu. Aphunzitsi a Sitandade 3 ankayesa mwana aliyense payekha pa Chichewa, Chingerezi ndi masamu, pogwiritsa ntchito zipangizo zopezeka m'dera lomwelo. Zotsatira ankaziika pa tchati cha mitundu ya utawaleza, ndipo mtundu uliwonse unkaimira gawo limene mwana wafika. Mphunzitsi akayang'ana tchaticho ankadziwa ana ofunika kuwabwerezera phunziro komanso ana ofunika kuwapatsa ntchito yovutirapo.

Mfundo younika ana pafupipafupi inalowanso m'silabasi yatsopano ya PCAR imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2007, ndipo m'chaka cha 2016 unduna wa zamaphunziro unakhazikitsa ndondomeko yolimbikitsa luso lowerenga m'dziko lonse kuyambira Sitandade 1 mpaka 4. Choncho malamulo ndi ndondomeko zilipo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kugwiritsa ntchito zimene zalembedwa.

M'sukulu zambiri buku la malikisi limadzazidwa kuti mphunzitsi wamkulu kapena mlangizi wa maphunziro wa m'dera akabwera alipeze lili bwino. Ziwerengero zina zimatumizidwa ku ofesi ya maphunziro ya boma n'kukafika ku likulu la unduna ku Lilongwe, kumene zimathandiza pogawa aphunzitsi ndi mabuku. Ntchito imeneyi ndi yofunika, koma siuza mphunzitsi zoti aphunzitse mawa m'mawa. Malikisi 30 pa 100 amangosonyeza kuti mwana walephera, osafotokoza ngati vuto lake ndi malembo, maphatikizo kapena kumvetsa nkhani.

Dziko la Zambia, limene mavuto ake a m'makalasi amafanana ndi a kuno, linayamba m'chaka cha 2016 ndondomeko yotchedwa Catch Up potengera njira ya bungwe la Pratham la ku India. Mphunzitsi amayesa mwana kwa mphindi zochepa kuti aone ngati akutha kuwerenga malembo, mawu, ndime kapena nkhani yonse. Kenako ana a makalasi achitatu mpaka achisanu amaikidwa m'magulu molingana ndi luso lawo, osati msinkhu kapena kalasi, ndipo amaphunzira motero kwa nthawi yapadera. Pakapita nthawi amayesedwanso, ndipo amene apita patsogolo amasamukira ku gulu lina. Ubwino wa njirayi ndi wakuti zotsatira za mayeso zimasintha kaphunzitsidwe nthawi yomweyo.

Makina amakono nawonso angathandize. M'chaka cha 2023 boma linayamba ndondomeko ya BEFIT imene imapatsa ana a Sitandade 1 mpaka 4 mwayi wophunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti oyendera mphamvu ya dzuwa. Makinawa amapatsa mwana ntchito yolingana ndi pamene wafika. Komabe phindu lake lingakule pokhapokha ngati mphunzitsi wa kalasi akudziwa zimene mwanayo wakwanitsa, ndi kuzigwiritsa ntchito akabwerera pa bolodi.

Pali zovuta zimene sizinganyalanyazidwe. Mphunzitsi wa ana 100 akati ayese aliyense kwa mphindi zisanu, afunika maola oposa asanu ndi atatu. Ngati unduna uwonjezera mafomu oti adzaze, nthawi yophunzitsa idzachepa ndipo ena adzangolemba malikisi ongopeka. Chofunika ndi mayeso aafupi, oyesa ana ochepa tsiku lililonse, ndi kaundula wosavuta amene kholo nalonso lingamve. Alangizi a maphunziro akamayendera sukulu ayenera kufunsa zimene mphunzitsi wachita ndi ana otsalira, m'malo mongoona ngati buku ladzazidwa. Misonkhano ya aphunzitsi m'malo ophunzitsirana a m'madera ingakhalenso mwayi wokambirana zotsatira za makalasi awo.

Malipoti a unduna akhala akusonyeza kuti mwana mmodzi mwa asanu alionse, kapena kuposerapo, amabwereza kalasi ku pulayimale. Kubwereza kumadzazitsa makalasi, kumawonongetsa ndalama za boma ndiponso kumafooketsa makolo. Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Mwana amene vuto lake ladziwika m'teremu yoyamba ya Sitandade 2 angathandizidwe m'masabata ochepa, pamene wodikira mayeso a kumapeto kwa chaka amataya chaka chathunthu.